Makasu Atagona Pansi pa Maliro a Bambo Anga

Senderani pafupi, abale ndi alongo, mawu anga safika patali. Ambuye alemekezeke!

Ine ndine Nabanda wa ku Kanyenda. Sukulu sindinapondeko, koma zimene ndinaona ndinena.

Bambo anga, a Chikaonda, anali okonda ana. Ankabwera ndi nzimbe paphewa, n'kumasendera ana anga ndi mano awo atatu otsalawo. Koma nthawi ya chipani chimodzi anawapatsa utcheyamani wa chipanicho m'mudzi mwathu. Kukana kunalibe. Tsiku lina kunabwera galimoto kudzatenga a Selemani, Msilamu wosoka maukonde, ati analankhula zosayenera pamsika. Amene analoza nyumba ndi bambo anga. Sindibisa. Chaka chomwecho anayamba kulima munda wa mpunga wa a Selemani. Mudzi unati, "Wagulitsa mnzake kuti adye munda." Ngakhale ine mumtima ndinatero.

Zipani zitachuluka, a Selemani anatuluka kundende akutsimphina. Kwathu sanapondeko. Chaka chimene tinavota, mu Okutobala, bambo anamwalira.

Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Maliro sadikira. Koma adzukulu, okumba manda aja, anangokhala pansi pa mtengo wa mango, makasu atagoneka. Tsiku linatha. Lachiwiri ndinakagwada.

"Chonde, akumbireni agogo anu."

Mkulu wawo, a Jere, anati, "Amayi, kadi yachipani ali nayo? Kumanda salowa wopanda kadi." Anyamata anaseka.

Abale, ntchentche zinayamba! Amayi okhala pamaliro ankatuluka m'nyumba mmodzimmodzi, chitenje pamphuno. Ndinatola khasu, ine munthu wamkazi. Ndinati, Mulungu, ndikumba ndekha, koma mukundiona?

Ndipamene tinaona a Selemani akubwera, tsimphi, tsimphi. Ndinati abwera kudzalavulira mtembo.

"Analoza nyumba yanga ndi ameneyu," anatero. "Ndinamuona ndili m'galimoto."

"Mwamva?" anatero a Jere.

"Khala chete, Jere, sindinamalize. Zaka zisanu ndi ziwiri iwe unkapatuka njira ukakumana ndi mkazi wanga. Moni unkaopa. Uyu analima munda wanga kuti achipani asaupereke kwa wina. Akapuntha mpunga, matumba ankawasiya kwa mlamu wanga ku Malengachanzi, mkazi wanga n'kukatenga. Ana anga anayi ali moyo. Kumukhululukira ndinali ndisanathe. Ndimati ndibwere, mwendo unkakana pamodzi ndi mtima. Mwana wanga, ndipatse khasulo."

Anayenda okha kupita kumanda. Dothi la Okutobala ndi mwala, abale. Anatema kamodzi, kawiri, mwendo unawagwetsa. Anadzuka, n'kutemanso. Mnyamata wina mwa adzukulu aja anaimirira n'kutola khasu lake. Kenako wina. A Jere anatsala okha, mpaka manyazi anawanyamula. Dzuwa lisanapendeke bambo tinawaika. Aleluya!

Ine ndinalira kawiri: kulira maliro, ndi kulira kuti ndinawatcha wakuba mumtima, iwo osandiuza kanthu poopa kuti pakamwa panga pangatiphetse.

A Selemani akulimanso munda wawo. Akandiona amati, "Mwana wa Chikaonda, wadya?" Akazi awo timapita limodzi kuchigayo. A Jere anasiya udzukulu, ali ku Dwangwa, sitinalankhulanebe. Mundipempherere pamenepo, mtima wanga ukadali wouma. Ana anga amakalambula pamanda a agogo awo osabisa nkhope.

Zikomo Ambuye, amene munatuma wovulazidwa kudzatichotsa manyazi. Amen.