Dzina la Yohane Linakana Kufufutika

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa andipatsa mphindi zochepa, ndipo ine si munthu wokometsa mawu. Ndine Limbani. Ena mwa inu munanditukwana chaka chatha, ndipo simunalakwe.

Sukulu ndinailekeza Fomu 3. Musandifunse chifukwa, kafunseni fodya. Ife ndife matenanti pa esiteti ina kuseri kwa Santhe, ndipo mwana wa tenanti amaphunzira mpaka tsiku limene manja ake akwana kuthyola tsamba. Kwathu amene anapyola ndi mkulu wanga Yohane yekha. Iye anakhoza Fomu 4. Kenaka mutu unamupweteka masiku atatu, tsiku lachinayi tinamuika m'manda. Basi.

Pogawa katundu wa malemu, foni yake inagwera ine. Amalume anandiuza kuti nditaye simu yake, pakuti nambala ya wakufa siyenda ndi amoyo. Ndinavomera, koma sindinataye. Ndinaisiya momwemo pambali pa yanga. Satifiketi ya Yohane ya pepala inadyedwa ndi chiswe, koma m'fonimo munali ina, ya PDF. Kwa amene simudziwa, PDF ndi pepala lokhala m'foni kapena m'kompyuta.

Ku ofesi ya esiteti kunafunika kalaliki wolemba magiredi a fodya. Anati wa Fomu 4 yekha. Ndinapsa mtima. Magiredi ndimawadziwa ndi zala, ndimawadziwa ndi mphuno, koma akufuna pepala.

Tsiku la msika ndinapita kwa Jemusi, bambo uja woika nyimbo m'mafoni. Ndinamufunsa ngati PDF imasinthika.

"Zonse zimasinthika, ase," anatero. "Apu yeniyeni ndi yolipira, koma ndili nayo ina yothyola loko. Bweretsa kuno."

Anaiika. Apuyo inayamba kupempha. Ndiloleni ndione manambala. Ndiloleni nditumize mauthenga. Ndiloleni ndione mafayilo onse.

"Yowerengera pepala ikufuna manambala atani?" ndinafunsa.

"Ukufuna ntchito kapena ukufuna kalasi? Dina."

Ndinadina. Zonse ndinadina.

Ndinakhala m'chigafa, dzuwa lili paliwombo, fodya akulendewera pamutu panga. Ndinaika kabokosi koyera pa dzina la Yohane, ndikulembapo langa. Mphindi zisanu, abale. Munthu anavutikira pepala limenelo zaka zinayi, ine mphindi zisanu. Ndinatumiza ku ofesi, ndipo anandilemba ntchito.

Sabata yoyamba foni inayamba kutentha. Ili m'thumba, sindikuigwira, koma ikuotcha ntchafu. Ndikaiika patebulo imayaka yokha, ngati munthu watsegula diso, kenaka n'kuzima.

Ndiye tsiku lina masana, amayi akusoka fodya ndi anzawo, kafoni kawo ka mabatani kanalira. Amayi sadziwa kuwerenga. Koma dzina la Yohane amalidziwa, chifukwa limayamba ndi chilembo chokhala ngati phanda la chigafa, chomwecho chili pa mtanda wa kumanda. Anachiona chilembocho. Anapatsa mnzawo kuti awawerengere. Uthenga unati: "Onani pepala langa ili."

Sanali amayi okha. Aliyense amene anali ndi nambala ya Yohane analandira. Akapitao analandira. Amalume analandira ali ku Kaluluma.

"Limbani, simu ya mkulu wako ili kuti?" anandifunsa amayi.

"Ndinataya m'chimbudzi."

Ndinanama ndikuwayang'ana m'maso. Ndinapita kuseri, ndinatsegula foni. M'mauthenga otumizidwa munalibe kanthu. Mbee. Simuyo ndinaichotsa, ndinaithyola ndi mano. Koma mauthenga sanaleke. Tsopano ankachokera m'mafoni a anthu amene anadina pepala lija: "Yohane wakutumizirani pepala."

Kenaka za ku ofesi. Mayi Nachisale, amene amagwira kompyuta, anatsegula fayilo yanga kuti aisindikize, akapitao ataima kumbuyo kwawo. Pa satifiketi panali Limbani. Mayiwo anagwedeza dzanja pang'ono pa kompyutapo, kabokosi koyera kanasuntha, panatulukira Yohane. Akapitao anatuluka osatsanzika.

Pofika madzulo esiteti yonse inali itamva kuti dzina la Yohane lili m'kaundula wa antchito. Mukudziwa zimene anthu ananena. Anati bwana anamupha n'kumusandutsa ndondocha, akugwira ntchito kumene sitikumuona, ndipo akutumiza mauthenga kuti timupulumutse. Amuna anayamba kunong'onezana za kutentha zigafa. Bwana atamva, anati banja limene linayambitsa mphekeserayi lichoke pofika Loweruka. Banjalo ndi amayi anga. Nyumba, munda, fodya wa chaka chonse, ndi manda a mwana wawo, zonse asiye. Apite kuti? Kumudzi kumene tinachokera malo athu analima kale anthu ena.

Mayi Nachisale anandiitana, natseka chitseko.

"Iwe, khala pansi. Sunafufute kanthu. Unangofunditsa. Fayilo yotereyi imasunga zonse zili pansi. Ndipo ka apu kako kaulereko ndi wakuba amene unamutsegulira wekha khomo. Wakwera pa dzina la fayilo ndi manambala a m'foni, akugogoda nyumba iliyonse."

"Ndiye si mzimu?"

"Mzimu ndiwe. Ukanene wekha kwa bwana. Ukapanda kutero pofika Lachisanu, ndinena ine."

Mukuganiza ndinathamanga kukaulula? Ayi. Ndinakhala chete masiku awiri. Ndinkaopa apolisi. Ndinkaopa amuna aja, kuti moto wa zigafa ungatembenukire ine.

Amayi analeka kudya. Ankakhala kumapeto kwa chigafa, maso ali ku ofesi, kafoni kali pamiyendo. Mphepo ikawomba, masamba ouma amachita phokoso ngati munthu akukweka mapazi, iwo n'kutembenuka. Lachinayi masana ndinawapeza akukulunga mbatata yootcha m'pepala.

"Ya ndani?"

"Iwe umalowa mu ofesi muja," anatero motsitsa. "Ukaiike pakona. Ngati akumugwiritsa ntchito, akudya chiyani?"

Abale, apo ndi pamene ndinathera. Ndinatenga mbatatayo, ndinapita nayo kumanda. Dothi linali lomwe lija, udzu utamera, palibe amene anakumba. Sindinapemphere zokongola. Ndinati, "Mulungu, munatenga wanzeru n'kusiya chitsiru. Chitsirucho chafika. Nditani?" Sindinamve mawu kumwamba. Koma miyendo imene inakana masiku awiri inadzuka yokha.

Lachisanu m'mawa, anthu atasonkhana poitana maina, ndinaima kutsogolo. Ndinanena zonse, simu, apu, kabokosi. Ena sanakhulupirire. Mayi Nachisale anatulutsa kompyuta pakhonde, nayamba kusuntha kabokosiko anthu akuona. Limbani. Yohane. Limbani. Yohane.

Amayi anafika pafupi, nakhudza chilembo chija ndi chala.

"Ndiye wagona?"

"Wagona, amayi. Sanadzukepo."

Anatembenukira kwa ine. "Tinamufunditsa tonse kamodzi," anatero. "Iwe wamufunditsa kachiwiri, wekha."

Makofi amene amalume anandiwomba atamva ndinawaiwala. Mawu amenewo ayi.

Ntchito inatha tsiku lomwelo. Bwana anafuna kuitana apolisi, koma abusa athuwa, amene sindinkawapatsa ndi moni womwe, anapita kukandipepesera. Amayi sanachotsedwe. Palibe chigafa chinapsa. Mafoni a anthu tinachita kuwafufuta zonse, ndipo ena anataya zithunzi za ana awo chifukwa cha ine. Ena mpaka lero sandiyankha moni. Ali ndi ufulu.

Lero ndili kumunda ngati kale, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Masana ndimapita ku sukulu ya akuluakulu, ndinabwerera Fomu 3, ndimakhala ndi ana ondiseka ndevu. Mtima wanga ukadali wapachala, Ambuye sanamalize nane. Koma achinyamata, mverani. Pepala likabwera pafoni osalipempha, musalidine, ngakhale litachokera kwa mbale wanu. Apu yowerengera pepala ikapempha manambala a anthu, ikanizeni. Ndipo chimene mwaphimba ndi choyera musaganize kuti chachoka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira ndisanaphetse anthu. Ndikuthokoza abusa, ndi Mayi Nachisale akhala kumbuyoko.

Satifiketi ija mayiwo anatisindikizira, yopanda kabokosi. Ili pakhoma kwathu, m'pulasitiki kuopa chiswe. Amayi amaipukuta fumbi m'mawa uliwonse, kenaka amakhala pansi n'kudya.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.