Mangenjeza pa Mwendo Wakufa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Chiringa. Ine ndine munthu wokalamba, ndipo kulemba ndinakuphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, choncho mundipirire pamene mawu apotoka. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a kufa ziwalo amene anandigwira chaka chatha, ndi mmene Mulungu anandiimikira. Koma ndineneretu kuti njira imene anadzera sindinaimvetse mpaka lero.

Ndinagwa m'munda nthawi yokolola chimanga. Kuchipatala anandithandiza, pakamwa panawongoka, dzanja linabwerera pang'onopang'ono, koma mwendo wamanzere unakana. Mphamvu inalimo ndithu pang'ono, koma sindinkaumva. Ndikaponda sindinkadziwa ngati phazi lafika pansi kapena likadali m'malere, ndipo ndikati ndilemerepo ndinkapezeka ndili chagada. Adokotala anati ndizimwa mankhwala osadumphitsa ndiponso ndiziuyendetsa mwendowo. Ndikanauyendetsa bwanji mwendo umene sindinkadziwa pamene uli?

Tsono vuto lenileni silinali mwendo. Inu a kuno mukudziwa kuti mwamuna amakhala kwa mkazi. Ine ndine mkamwini pamudzi pano. Mkazi wanga atamwalira, abale ake sanandisudzule kuti ndibwerere kwathu monga mwa mwambo, chifukwa ndinkalima munda wake ndi kudyetsa zidzukulu. Koma nditadwala, mlamu wanga a Mulepa, amene ndi mwini mbumba, anabwera nakhala pakhonde. Anayankhula mwaulemu, koma mawu ake anali olemera.

"Alamu, mkamwini akadwala chonchi timamupereka kwa eni ake. Mukatifera pano, kwanu adzati tinakubisani. Tidikira mpaka nthawi youndira mizere. Mukakhala musanaime, tidzakuperekezani."

Mwana wanga Aginesi analira. Ine ndinangowerama. Kwathu ndi kuseri kwa phiri la Michesi, ndipo ndinachokako ndili mnyamata. Chimene chinandichotsako ndimauza Mulungu yekha. Ndingonena kuti kulibe munthu kumeneko amene akanandipatsa madzi ndi mtima woyera. Ndinayamba kuganiza kuti matendawa ndi chingwe chimene Ambuye andikolera kuti andikokere komweko. Ndinkapemphera kuti anditumizire munthu wake, ndipo m'mutu mwanga ndinkaona m'busa wonyamula Baibulo akulowa pakhomo.

M'busa sanabwere. Chimene chinachitika n'chakuti Aginesi anatopa kundisiya ndekha pakhomo, nayamba kundikweza kabaza kupita nane kumene amagulitsa mandasi. Malo ake ali pafupi ndi shedi yakale imene ankasungiramo nandolo. Masiku ano anthu a m'dera anaikonza n'kukhala nyumba yophunziriramo magule. Ine ndinkakhala pakhonde la shediyo ngati thumba, nditatembenukira kumsewu, chifukwa ng'oma ndinazisiya tsiku limene ndinabatizidwa.

Aphunzitsi m'menemo alimo atatu, ndipo sindidziwa amene anawaika pamodzi, chifukwa sagwirizana pa chilichonse. Woyamba kundiona anali Tadala, mtsikana amene anakhalako ku Blantyre. Kumeneko ankaphunzitsa operekeza ukwati masitepe olowera mu holo, ndipo anabwerera kumudzi amayi ake atadwala. Iye amaphunzitsa ndi sipika ndi manambala. Anandigwira dzanja osapempha n'komwe, amvekere, "Agogo, khonde si chipatala. Lowani." Njira yake inali yakuti ndiziyang'ana mapazi anga ndi kuwerenga naye m'Chingerezi. Ndikayang'ana pansi ndinkaliona phazi likutera, koma khosi linkauma, mutu n'kuyamba kuzungulira, manambala aja n'kundithawa.

Wachiwiri ndi Che Amidu, Msilamu, amene anapuma ntchito ya usilikali ndipo amaphunzitsa anyamata gule wa beni. Kwa iwo gule ndi perete. Atandiona nditaweramira mapazi anafuula kuchokera kumapeto kwa shedi.

"Madala, mwataya chiyani pansipo? Chibwano m'mwamba! Msilikali woyang'ana nsapato amagwera m'dzenje."

Ndinadzutsa chibwano, ndipo nthawi yomweyo phazi linasowa. Tsiku lina ndinkauzidwa kuyang'ana pansi, mawa lake kuyang'ana kutsogolo. Tadala amati ndiyambe ndi mwendo wabwino, Che Amidu amati woyamba ndi wamanzere basi, dziko lonse lapansi. Ankakangana pamutu panga ine nditaimirira pakati, nditakumbatira mzati. Ndikafika kunyumba ndinkayesa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo zidzukulu zinkathawira kuseri kuti ndisazione zikuseka.

Wachitatu sanandiyankhule kwa nthawi yaitali. Awa ndi mayi Rozariya, achikulire kuposa ine, amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo atabereka mwana kumbuyo. Amaphunzitsa tchopa, gule wathu wa Alomwe, ndipo anaphunzira kwa agogo awo pabwalo pamene ankathira nsembe zopempha mvula. Ine ndinkawaopa. Ndinkati mumtima, sipika ya Tadala ndi zachibwana, beni ndi masewera, koma tchopa ili ndi eni ake amene sitiwaona. Ikafika nthawi yawo ndinkadzikoka kubwerera pakhonde.

Dzuwa linayamba kutentha, mango anayamba kukula, anthu anayamba kusosa m'minda. Ine ndinali ndisanayende popanda khoma. Tsiku lina ndinagwa m'shedi muja pamaso pa atsikana amene ankakonzekera ukwati, ndipo ndinang'ambika pamphumi. Nditabwerera kunyumba ndinapeza a Mulepa atatumiza mawu akuti ayankhula kale ndi mwini njinga yamoto amene adzandinyamule. Ndinalowa m'nyumba masana omwewo n'kudzitsekera. Sindinathe ngakhale kugwada. Ndinagona chafufumimba pamphasa n'kuwauza Ambuye kuti ndinapempha munthu wanu, inu mwandipatsa ovina. Ngati mukufuna ndikafere kuseri kwa phiri, nenani, koma musandisewere ngati mwana.

M'mawa mwake ndinakana kukwera kabaza. Aginesi anandiuza kuti akandisiya ndekha sakagulitsa, ndipo akapanda kugulitsa ana sadya. Ndinakwera. Titafika ndinakhala pakhonde, ndipo Tadala atabwera kudzanditenga ndinamukaniza. Kenako ndinamva ndodo ikugogoda simenti. Anali mayi Rozariya. Apa m'pamene ndinaona pafupi kuti maso awo anayera ndi ng'ala.

"Ndinu amene mumagwa uja?" anafunsa. "Ine ndimangomva phuu, koma sindimva chimene chimakugwetsani. Munthu wopanda mangenjeza kwa ine ndi mzukwa."

Ndinazindikira pamenepo chifukwa chake ana onse a m'gulu lawo amavala mangenjeza m'miyendo kuyambira tsiku loyamba, ngakhale amene sanadziwe kalikonse. Mayiwa saona ophunzira awo. Amakhala pampando n'kupendeketsa mutu, ndipo pakati pa miyendo yambirimbiri amadziwa mwendo umene wachedwa ndi mwini wake. Sanabwere kudzandichiritsa ayi. Ankangofuna kumva kulakwitsa kwanga monga amamvera kwa aliyense. M'thumba mwawo munatsala chingwe chimodzi chokha cha mangenjeza, chakale, cha timabelu tochita dzimbiri.

"Mwendo wamwano ndi uti?"

Ndinawauza kuti ndine Mkhristu, za tchopa sindikhudza. Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, awa ndi malata. Mwana wanga anawasula kuchokera ku zitini za nsomba. Ngati muli mzimu m'menemo ndi wa nsomba." Asanamalize anali atagwada kale n'kumanga chingwe chija pa akakolo anga akumanzere.

Anandiuza kuti ndisayang'ane pansi, ndisayang'anenso kutsogolo, ndiyang'ane kumene ndikufuna, bola nditchere khutu. Ndinagwira mzati n'kuimirira. Ndinanyamula mwendo uja n'kuuponya. Unati ngwee. Abale anga, sindidziwa mmene ndingakufotokozereni. Kwa miyezi yonse ija mwendowo unali ngati wa munthu wina, koma tsopano unandiyankha. Ukatera ndinkamva kulira kouma, ukakwekwereza pansi ndinkamva kulira kotayirira. Khutu linayamba kundiuza zimene phazi linaleka kundiuza. Ndikamva kulira kouma ndinkadziwa kuti ndingalemerepo, ndipo ndinkalemerapo osagwa.

Sindinathamange tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Ndinachoka pamzati umodzi kufika pa wina, thukuta lili kamukamu, kenako ndinakhala pansi n'kulira. Koma kuyambira pamenepo ndinkalowa m'shedi tsiku lililonse. Mayi Rozariya ankauza woimba ng'oma kuti aimbe pang'onopang'ono, ine n'kumatsatira kumbuyo kwa ana. Ndikakoka phazi ankafuula osatembenuka, "Wa chingwe chimodzi uyo, akusesa!" Chodabwitsa n'chakuti zimene ankandiuza anzawo aja zinayamba kugwira ntchito. Chibwano cha Che Amidu chinatheka chifukwa sindinkafunanso kuona phazi. Manambala a Tadala analowa okha m'kulira kwa malata. Mpaka lero atatuwa amalimbirana kuti anandiyendetsa ndani, ndipo akandifunsa ndimangoti sindidziwa, chifukwa sindidziwadi.

Mtima wanga sunakhazikike msanga. Ndinkadzifunsa ngati sindikubwerera ku zimene ndinazikana pa ubatizo. Ndinkafunsanso chifukwa chake Mulungu analambalala anthu onse opemphera amene ndimawadziwa, n'kudzera mwa mtsikana wa sipika, Msilamu wa perete ndi mayi wosaona wa ng'oma za makolo. Ndinafunsa m'mapemphero kambirimbiri, yankho la mawu sindinalandire. Chimene ndinkalandira ndi chakuti m'mawa uliwonse mwendo unkafika patali kuposa dzulo.

Mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa Michesi, a Mulepa anafika monga ananenera, njinga yamoto ili pambuyo. Aginesi ndiye anandiuza pambuyo pake kuti anawalandira pakhonde n'kungowalozera njira ya kumunda. Ine ndinali nditapita m'mamawa ndi khasu. Ndinali nditaunda mizere yochepa, yokhotakhota ngati ya mwana, ndipo ndikasuntha malata aja ankalira. Ndinangoona mlamu wanga ataima m'malire, atagwira m'chiuno, akuyang'ana mwendo wanga.

"Alamu, matenda aja akwera kumutu? Mukuvinira ndani kuno kuthengo?"

Ndinawauza kuti sindikuvina, ndikumvera phazi. Sanamvetse, ndipo sindikuwadzudzula. Anayenda m'mizere ija, naponda umodzi kuti aone ngati ndi wolimba. Kenako anavula jekete n'kulikoleka pachitsa.

"Mizere yake ndi yoipa," anatero, "koma wodwala saunda yoipa n'komwe. Bweretsani khasulo mupume. Wa njingayo ndikamuuza azipita."

Ndinakhala pansi pamthunzi n'kumawaonerera akuwongola mizere yanga. Nkhani yondiperekeza kwathu sinatchulidwenso, ndipo chimanga cha chaka chino ndadzala ndekha m'munda wa mayi a Aginesi.

Mwendowo sunayambe kumva mpaka pano. Mankhwala ndikumwabe, ndipo mangenjeza ndimawavala kulikonse. Lamulungu loyamba ndinawakulunga ndi kansalu kuti asasokoneze mapemphero, koma ndinapunthwa pakhomo la tchalitchi, ndiye ndinawamasula. Tsopano ndikamapita kutsogolo mpingo wonse umadziwa kuti ndine, ana amaseka, ine ndimapitirira. Zimene ndinasiya kuseri kwa phiri zikadali pamtima panga, ndipo sindinganene kuti zatha. Ndikungoona kuti Ambuye sanandikokere kumeneko pa njinga ya munthu wina ngati katundu. Ngati adzandiuza kuti ndipite, ndidzapita ndi miyendo yanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero limene ndinapemphera mokwiya. Ndikuthokoza mwana wanga Aginesi chifukwa cha liuma lake, ndi aphunzitsi atatu aja, Ambuye awadalitse pamodzi ndi mikangano yawo. Inu amene mukudwala, kapena mukudikira tsiku limene anthu akuikirani, musaleke kupemphera ngakhale mutu utasokonezeka ngati wanga. Ndipo wina akagwada patsogolo panu kuti akuthandizeni, musayambe mwamufunsa kumene amapemphera. Tambasulani mwendo.

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ameni.