Ndinapempha Ntchito, Mulungu Anatumiza Wonyamula Zitsulo

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno ku Dublin ndi a kumudzi omwe. Ine ndine mayi a Tadala a ku Clondalkin. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mwamuna wanga anatsala pang'ono kundifera ali maso, ndi mmene Mulungu anandiyankhira m'njira yoti mpaka lero ndikaikumbukira ndimapukusa mutu.

Inali nthawi ija chuma cha Ireland chinagwa chagada. Bambo a Tadala ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pa kampani ina, ndipo kampaniyo inatseka. Poyamba ankadzuka n'kumazungulira kufunafuna ntchito. Kenako anasiya. Analowa kuchipinda, n'kutseka makatani, basi. Kuti asambe inali nkhondo, chakudya ndinkachipeza mmene ndachisiyira. Ndikati tipite kwa dokotala, ankatembenukira kukhoma. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndiye nkhope ya munthu amene watopa ndi moyo ndimaidziwa. Nkhope imeneyo ndinayamba kuiona pabedi langa lomwe. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo manthawo ankatuluka ngati ukali.

Ndinapemphera, ndinasala kudya, pempho langa limodzi lokha: Ambuye, apatseni ntchito bambowa.

Tinali ndi kachipinda kopanda munthu, ndiye mnzanga wa kutchalitchi, amai Zulu a ku Zambia, anati andipezera wokhalamo kuti lenti ipepuke. "Ni munthu wabwino maningi, sister," anatero. "Samwa moba, sapanga noise."

Anabwera Didier, wa ku Mauritius, wotsuka mbale pa hotela ina m'tauni. Pakhomo analowa chammbali chifukwa cha mapewa. Anali wa masewera aja okuza minofu, amene amuna akuluakulu amakaima pa siteji atavala kakabudula kochepa kuposa mpango wa m'thumba, n'kumadzipindapinda kuti oweruza aone amene waumbika bwino. Dziko lake linali litamusankha kuti akaliimire ku mpikisano wa mayiko a pazilumba, kumene Mauritius, Seychelles, Madagascar ndi anzawo amakumana kuthamanga, kusambira, nkhonya ndi zina. Akuti zakezonso ndi masewera.

Abale anga, ndinaona zakuda. Munthu kuswa mazira mbale yodzaza, n'kumadya choyera chokha, chachikasu chija kutaya m'bini, m'nyumba mwa anthu amene akusowa pogwira! Nyumba yonse inkanunkha nkhuku yowiritsa yopanda mchere. Mankhwala akuda amene amapaka thupi kuti minofu ioneke anandithera matawulo ndi kudetsa bafa. Tsiku lina amayi a gulu la mapemphero anamupeza pa kalilole wa m'pasaji ali m'kakabudula kaja, akuyeserera kaimidwe. Amai Zulu omwewo anagwetsa Baibulo. Jimu yake, kumene ankakanyamulira zitsulo, itatsekanso ndi mavuto omwewa, anatutira zitsulo mu shedi yathu ya kuseri. M'mawa uliwonse kunali phokoso la zitsulo ndi kubuula ngati ng'ombe ikuphedwa. Ameneyu ndiye sapanga noise.

Ndinasintha pemphero. Ndinati Ambuye, ntchito ija ngati ikuchedwa ichedwe, koma munthu uyu mundichotsere. Ndinafika pomufunsa Mulungu ngati akundiseka: mwamuna wanga akufota kuchipinda, Iye n'kunditumizira wina wodandaula kuti mwendo wake umodzi sunakule mokwanira. Ndinatsimikiza zomuuza kuti asamuke.

Loweruka lake m'mawa ndinali kukhitchini, ndikukonza mawu oti ndimuuze, pamene ndinamva kukuwa kosiyana ndi kwa masiku onse. Ndinathamangira ku shedi. Didier anali chagada pabenchi, chitsulo chitamugwera pachifuwa n'kumatsetserekera kukhosi, maso atatong'oka. Ndinayesa kuchikoka, koma sichinasunthe n'komwe. Ndinakuwa, "Bambo a Tadala! Munthu akufa kuno!"

Anabwera. Munthu amene ndinalephera kumutulutsa ndi misozi, ndi mavesi, ndi ukali, anatulukira pakhomo opanda nsapato, mvula ikuwaza. Anagwira mbali imodzi ya chitsulocho n'kuchipendeketsa, chinagwera pansi.

Didier atapeza mpweya, ndinkayembekeza kuti athokoza n'kulonjeza kusiya. Ayi ndithu. Anafotokoza kuti m'masewera awo chitsulo cholemera sanyamula munthu ali yekha, pamafunika wina woimirira kumutu kwake woti achigwire mikono ikafooka. Mnzake amene ankamuimirira anali atabwerera kwawo ntchito itatha. Ndiye anayang'ana mwamuna wanga n'kunena kuti, "Big man, mawa six o'clock. Mukapanda kubwera ndinyamula ndekha."

Ndinapsa mtima. Chipongwe chanji chimenechi, kumulamula munthu wodwala m'nyumba mwake momwe? Bambo a Tadala anangobwerera kukagona. Koma m'mawa mwake ndinamva akufufuza nsapato pansi pa bedi, akung'ung'udza: "Munthu ameneyu ndi chitsiru. Adzatifera pakhomo pano, a police adzatipanikize ife."

Anapita tsiku limenelo, ndi linalo, ndi linalo. Didier anawauza kuti munthu wanjala sangagwire chitsulo, n'kuyamba kuwakazingira zachikasu za mazira zija, ndipo ankadya. Mpikisano utayandikira, anafunika womupaka mankhwala akuda aja kumsana, poti dzanja lake silifikako. Ndinawapeza ku bafa, mwamuna wanga ali ndi siponji m'manja ngati akupenta khoma, akuseka mpaka kugwira nthiti. Ndinali nditaiwala kuti amaseka bwanji. Ndinalowa kuchipinda n'kulira.

Mu shedi momwemo Didier anawauza kuti nayenso anadwalapo matenda a maganizo bambo ake atamwalira, ndipo anathandizidwa kuchipatala. Sabata yomweyo bambo a Tadala anapita kwa dokotala. Zimene ine mkazi wawo ndinalankhula mpaka mawu kusasa, anakazimvera kwa munthu wa kakabudula. Zinandiwawa, sindinama, koma ndinathokoza.

Tsiku lonyamuka linafika, ndipo Didier anati akatha mpikisano akakhala kwawo konko, zitsulo zake n'kutisiyira. Ine ndemwe ndinkapempherera kuti achoke ndinalira pa eyapoti ngati maliro. Mantha anga anali amodzi: poti munthu woti iwo azimuimirira wachoka, nanga mwamuna wanga adzadzukiranji?

M'mawa mwake ndinadzidzimuka, pambali panga palibe munthu. Nyumba inali zii. Maganizo oipa onse anandifikira nthawi imodzi. Ndinayang'ana ku bafa, kukhitchini, kenako ndinathamangira ku shedi. Ndinawapeza ali chagada pabenchi, manja ali pachitsulo, osachikweza.

"Ndimadikira inu, mayi a Tadala," anatero. "Imani kumutu kwangaku."

Ndinati ine chitsulo chimenecho sindingachithe, munaona nokha. Anati, "Ndachepetsa weight. Inu ingoimani."

Ndinaima. Basi ya kuntchito inandisiya tsiku limenelo.

Ntchito ya bambo a Tadala inadzabwera mochedwa, ya maola ochepa pa sitolo ina. Didier anapata mendulo ya nambala yachitatu, ndipo akaimba foni amadandaulabe kuti oweruza anamubera. Koma ine Mulungu anandibwezera mwamuna wanga wamoyo, ndipo pa chimenechi ndidzamutamanda mpaka mpweya wanga wotsiriza. Inu amene muli ndi wanu amene wafooka chonchi, musatope. Pempherani, mupite naye kuchipatala, ndipo musafulumire kuthamangitsa munthu amene Ambuye amuika pakhomo panu chifukwa choti wakunyansani. Ineyo m'mawa uliwonse, kuzizire bwanji, ndimakaimabe mu shedi muja, ndikudandaula njira yonse, ndipo sindinajombepo. Ambuye alemekezeke.