Mlendo Atataya Kiyi

Mayi wa nyumba yapakona ija, amene ayala mabedi ku hotelo mpaka msana kuyamba kulira ngati chitseko chakale, anauzidwa kuti Lolemba m'mawa akayesedwe Chingerezi, ndipo akakhoza asiye mabedi akakhale pa desiki yolandirira alendo. Ndiye Lamlungu masana anaimika tebulo lositira pakati pa balaza, anaima kuseri kwake, n'kuitana amuna awo, munthu wa zamagetsi, amene chibadwire sanakhulupirirepo chinthu asanachigunde ndi tesita, kachipangizo kake koyezera magetsi.

"Bambo, imani apo. Ino ndi hotelo."

Bambowo anayang'ana kudenga, anayang'ana mipando. "Ino ndi nyumba."

"Ndikudziwa. Koma lero tiyerekeze. Iyi ndi desiki, inu ndinu mlendo."

"Ilo ndi tebulo lositira. Mwendo wakewo ndinawotcherera ndine."

"Tamverani kaye. Mawa abwana akandifunsa mafunso a 'if'. Chakuti chitachitika, ungatani? Aphunzitsi akuti anthu ambiri amagwera pamenepo. Inu muzindifunsa m'chathu chomwechi, ine ndiziyankha m'Chingerezi."

"Chingerezi ndimachidziwa ine."

"Chiti?"

"Danger. On. Off."

"Chimenecho sungani, chikuthandizani kuntchito. Tiyeni, nenani kuti mwataya kiyi wa chipinda."

Bambowo anagwedeza chiuno, makiyi analira. "Sindinataye. Si awa?"

"Mutataya."

"Sindingataye. Ndimamangirira pa lamba."

"Wataya ndi mlendo, bambo!"

"Munthu wamkulu ndi ndevu zake ataya bwanji kiyi? Analedzera?"

Mayiwo anapumira m'mwamba, anawongola khosi, n'kuyang'ana khoma ngati pali munthu. "If a guest lost his key, I would give him another one."

"Mwati?"

"Ndati atataya kiyi, ndingamupatse wina."

"Mwamupatsa? Aa! Nanga woyamba uja akamutola wakuba?"

"Palibe wakuba."

"Mwadziwa bwanji, kiyi simunamupeze?"

"Palibe kiyi!"

"Ndi zimene ndikunenazo. Watayika."

Mkazi wina akanapinda tebulo pomwepo n'kukagona. Koma mayi awa ndi aliuma, akaluma chinthu sataya ngakhale mano atagwedera. Anakoka bulauzi, anamwetulira kumwetulira kwa ku hotelo kuja, koonetsa mano mtima uli gwaa.

"Za kiyi tasiya. Funso lina. Moto utabuka, ungatani? Ndifunseni."

"Moto ubuke kuti?"

"M'chipinda."

"Chiti?"

"Chilichonse!"

"Moto subuka paliponse, mayi. Umayambira pa soketi." Bambowo ananunkhiza mpweya kawiri. "Mwamva fungo? Liti? Bwanji osanena?"

"Sindinamve fungo lililonse."

"Ndinakuuzani ine, ayironi ndi ketulo musamalumikize malo amodzi." Apa n'kuti atagwada kale kuseri kwa sofa, tesita ali m'manja, kukuoneka zidendene zokha.

"If there was a fire," anatero mayiwo, akulankhula ndi zidendenezo, "I would ring the alarm and I will… ayi, I would. Mwaona? Mwandisokoneza! Pamenepa ndi 'would'. 'Will' ndi wa zinthu zoti zichitikadi."

"Ndiye moto uchitika kapena suchitika?"

"Suchitika!"

"Inde suchitika. Mawaya a nyumba ino ndinaika ndi manja anga." Anatulutsa mutu, kangaude ali pa khutu. "Ndipo sindinakondwe nazo kuti mukukayika ntchito yanga."

"Ndikunena za ku hotelo."

"Kumeneko anaika mawaya ndani?"

"Ndingadziwe bwanji ine?"

"Hee! Ndiye mukufuna kukakhala tsiku lonse pa desiki, m'nyumba yoti simukudziwa anaika mawaya?"

"Ndakhala ndikuyala mabedi m'nyumba yomweyo!"

"Kumabedi ndi kumwamba. Desiki ili pafupi ndi bokosi lalikulu la magetsi."

"Munaliona liti?"

"Limakhala pamenepo nthawi zonse."

Mayiwo anagwira tebulo ndi manja onse, tebulo linanjenjemera. "Dzukani. Watsala 'if' mmodzi, wovutitsitsa. Wa zinthu zomwe zinadutsa kale. Uyu simuyankha kanthu, mungomvera basi. If I had finished school, I would have… I would have got that job long ago."

"Tanthauzo?"

"Ndikanamaliza sukulu, ntchito imeneyi ndikanaipeza kalekale."

"Simunamalize."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukuzineneranji? Madzi akatayika saoleka."

"Ndikuphunzira kuzinena!"

"Azungu ali ndi mawu apadera onenera zinthu zoti sizinachitike, sizikuchitika, ndipo sizidzachitika?"

"Eya."

"Ndipo amalemba munthu ntchito chifukwa chodziwa zimenezo?"

"Eya!"

"Ine nditauza kasitomala kuti 'babu lanu likanayaka', angandithamangitse ndi agalu."

Mayiwo anayamba kuseka, kenako anawaloza chala. "Mwamva? 'Nditauza.' 'Angandithamangitse.' Mwanena nokha!"

"Imeneyo si 'if'. Zinachitikadi."

Apa mpamene kumwetulira kwa ku hotelo kunathothoka. Mayiwo anakhala pa mkono wa sofa, anagwira msana, ndipo mawu awo anatsika.

"Bambo, ine ndatopa. Ndikunena zoona. Mawondo anga atha ndi kugwada m'mabafa a anthu. Ndimafika kuno manja akununkha mankhwala otsukira, ngakhale mwana ndimaopa kumugwira kumaso. Mwayi uwu ukandidutsa, desiki apatsa kamtsikana kochokera kusukulu, ine ndikalambira pa mapilo. Ndakupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti mukhale mlendo kwa kanthawi kochepa. Chakuvutani n'chiyani?"

Bambowo anatembenuza tesita m'manja, anamuika m'thumba la malaya, anamutulutsanso.

"Pa desikipo pamabwera ndani?"

"Alendo."

"A mataye?"

"Ena a mataye, ena ayi."

"Ndinakonzapo magetsi m'hotelo ina. Ndinali pamwamba pa makwerero, zonse ndinaziona. Amatsamira pa desiki chonchi, chigongono pansi, n'kumaseka ndi mano onse. Mtsikana wa pamenepo nayenso kumaseka. Sindinamve mawu ndi amodzi omwe, zonse m'Chingerezi."

"Ndiye?"

"Kumabedi kulibe okuonani."

Mayiwo anaimirira. "Ohoo! Kani nkhani ndi imeneyo? Ndiye nthawi yonseyi mwakhala mukundizunguza dala?"

"Ayi. Kiyi sindinataye zoona."

"Nsanje, bambo? Pa msinkhu wanuwu?"

"Si nsanje. Ndi kuyeza. Chinthu sumachisiya pa moto usanachiyeze."

"Chabwino. Yezani."

Bambowo ananyamula bokosi lawo la zipangizo, anatulutsamo chidutswa cha waya wofiira, anachimanga m'khosi n'kuchilendeweretsa pamimba, kenako anatuluka panja n'kutseka chitseko. Panapita kanthawi. Kenako go! go! go!

"Ku hotelo sagogoda!" anakuwa mayiwo, akuthamangira kuseri kwa tebulo.

Chitseko chinatseguka. Munthu amene analowayo, abale, ngakhale amayi ake omubereka sakanamuzindikira. Chifuwa patsogolo, bokosi ali nalo ngati sutikesi, kuyenda kwake kochita kuwerenga matailosi. Anafika pa tebulo lositira, anaika chigongono, tebulo linapendama, analigwira, anaikanso chigongono.

"Good afternoon, sir," anatero mayiwo.

"On," anatero mlendo, n'kuonetsa mano onse. "Iwe mtsikana, wakongolatu."

Mayiwo anatuzula maso. Chikwatiranireni bambowo anali asanawatchulepo "iwe".

"Thank you, sir. How can I help you?"

"Ndamva kuti uli pabanja."

"Yes, sir."

"Amagwira ntchito yanji mwamuna wako?"

"He is an electrician, sir."

"Wa mawaya? Aa, pepa. Wokwera m'madenga a eni ake, kutuluka ali fumbi lokhalokha? Amakutengera kokayenda?"

"No, sir."

Mlendo anaphethira. Yankho limeneli analimva bwinobwino, ndipo silinamukomere. Anakonza taye wake wa waya.

"Maluwa anakuguliranipo… anakugulirapo?"

"No, sir."

"Koma babu likapsa kwanu simugona mumdima?"

"Bambo, mlendo sangaikire kumbuyo mwamuna wanga."

"Ndikungofunsa." Anatsokomola, anatsamiranso. Mano anali adakali panja. "Tamvera. Ine ndili ndi galimoto panjapo, loziziritsa m'kati. Ndili ndi nyumba yosanja, antchito atatu, wina ntchito yake kungoyala bedi. Chingerezi ndimachita kulota nacho. Nditakuuza kuti tiye, lero lomwe, ukapume, sudzagwiranso tsache moyo wako wonse… ungamusiye wa mawaya uja?"

Munthu uja wokana moto wongoyerekeza anali atatuluka thukuta pamphuno chifukwa cha galimoto loti kulibe.

Mayiwo anayang'ana waya wofiira uja, anayang'ana kangaude uja amene anali adakali pa khutu. Sanayang'ane khoma ulendo uno, ndiponso sanawerenge mawu pa zala. Chingerezi chinangotuluka chokha, chosalala, chopanda pogwira.

"If I wanted a man with a tie, sir, I would buy my husband a tie."

Inu amene munapita patali ndi sukulu mwamva kale. Enafe tinachita kufunsa, ndipo akuti mayiwo anati akanafuna mwamuna wa taye, akanangogulira taye amuna awo omwewo. Koma mlendo sanafunse munthu, anangoima kukamwa kuli yasa.

"Mayo!" Mayiwo anaomba m'manja, anadumpha, msana anauiwala. "Mwamva? 'Wanted' uku, 'would' uku, osaphonya! Ndipo sindinaganize n'komwe! Bambo, mawa ndikakhoza ine. Ndikakhoza!"

"Mwati chiyani?"

"Ndati ndikakhoza."

"Ayi, zija. Zimene mwamuuza uja."

"Uja ndani?"

"Mlendo!" Bambowo anakoka waya, mfundo inakana, anachita kuuvulira kumutu ngati juzi. "Ndamva 'if', ndamva 'husband'. Husband ndi ine, zimenezo ndikudziwa. Koma mumaseka. Mumasekeranji? Mwamukana kapena mwamulola?"

"Munali pomwepa."

"Sindinali ine, anali iyeyo! Mwaona maso ake mmene amakuyang'anirani? Munthu wopanda ulemu, kukutchulani 'iwe' m'nyumba mwanga!"

"Mu hotelo."

"Mu hotelo momwemo! Mayi, chonde. Galimoto lija musalione kuwala, anthu otere amakhala ndi akazi m'tauni iliyonse. Ine kokayenda ndikhoza kukutengani. Loweruka lomwe lino. Maluwanso ndaona pamene amagulitsa. Tangondiuzani, mwamuyankha kuti chiyani?"

Mayiwo anasesa tebulo lositira ndi dzanja, anaika manja pamodzi, n'kubwezeretsa kumwetulira kwa ku hotelo kuja.

"Pepani bambo. Malamulo a pano salola. Zimene takambirana ndi mlendo sitiuza anthu akunja."