Mayi Noeline Tulloch ndi Njira za ku Paki ya Corrabin

Malemu amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Noeline Tulloch, obadwira ku banja la a Zammit. Anabadwa m'chaka cha 1957 ku Broken Hill, ndipo kwa zaka makumi anayi zapitazi kwawo kunali kuno ku Port Averil. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Victor, mlongo wawo. Banja landipempha kuti ndiwerenge monga mwalembedweramu, osachotsa kanthu, ndipo ndichita zomwezo.

Malemuwa anali achiwiri kubadwa m'banja la ana anayi. Bambo athu ankagwira ntchito mumgodi, mayi athu ankasoka zovala pakhomo. Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwa masisitere, ya sekondale anailekeza ali ndi zaka 16. Masisitere ankafuna kuti adzakhale namwino. Iwo anakalowa m'galaja ya amalume athu, kumene anayamba ndi kusesa ndi kutsuka zitsulo mpaka anakhala makaniko wa njinga zamoto. Masiku amenewo mkazi wovala ovololo ankachita kumuloza chala pamsewu. Njinga yawo yoyamba anailumikiza okha ndi zidutswa za njinga zakufa. Anakaiyesa pamilu ya dothi la mgodi, nathyoka phewa, ndipo kunyumba anadzanena kuti agwa pamakwerero. Mayi athu anamwalira akukhulupirirabe za makwererowo.

Mu 1981 anakumana ndi Bambo Graham Tulloch pampikisano wa njinga kuchipululu. Njinga ya a Graham inali itazima pamchenga, malemuwa anaima n'kuikonza, kenako anawapitirira n'kukafika patsogolo pawo. Anamanga ukwati woyera chaka chotsatira. Mu 1984 anasamukira kuno a Graham atapeza ntchito kudoko, ndipo malemuwa anatsegula galaja yawoyawo, imene anaiyendetsa mpaka chaka chatha. Mulungu anawapatsa ana awiri, Dale ndi Petra. A Graham anatisiya mu 2009 ndi matenda a mtima. Malemuwa sanalire pamaso pa anthu. M'mawa uliwonse ankakankha njinga kutuluka pageti, n'kupita ku Corrabin, n'kubwerako maso ali gwa, n'kutsegula galaja.

Anali Mkatolika wa parishi ya Paulo Woyera. Kwaya anaikana okha, ati mawu awo ndi othamangitsa agalu. Ntchito yawo inali yonyamula okalamba pa minibasi ya parishi Lamulungu lililonse, ndipo minibasiyo ikadwala ankaichiza ndi iwo omwe. Pa zochitika zopezera thandizo la mpingo, malo awo anali pamoto wowotchera masoseji. Ku Misa ankafika nsapato zili matope, n'kukhala benchi ya kumbuyo.

Ambiri mwa inu mwawadziwira ku Corrabin. Pamene banjali linkafika kuno, malo aja anali chibwinja cha ophwanya miyala, ndipo mzinda wonse unkatayako zinyalala. Mu 1991 malemuwa pamodzi ndi mnzawo, Bambo Wal Dunstan, anayambitsa kalabu ya okwera njinga zamoto za m'tchire. Anatulutsamo magalimoto akufa, mafiriji ndi matayala. Analambula njira pamwamba pa chitunda, ndi ina yotsika kukhwawa n'kuwoloka kamtsinje. Mabulugamu anaphukanso. Khonsolo ya mzinda inadzalengeza kuti malowo ndi paki, n'kulola kalabu kupitiriza kukwera. Malemuwa anali wapampando wa kalabuyo kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa inu amene mwaima kumbuyoko ndi zisoti m'manja, anakuphunzitsani ndi iwo kugwira buleki pamtsetse.

Mzinda unakula mpaka nyumba zinafika pampanda wa paki. Anthu anayamba kudandaula za phokoso. Kenako mu 2012 bungwe loteteza zachilengedwe linapempha khonsolo kuti itseke njira zonse, ponena kuti mvula ikagwa dothi la m'njirazo limakokolokera mumtsinje, ndipo achule obiriwira amene amaswana m'menemo akutha. Amene anayeza madziwo ndi kulankhulira bungwelo anali Petra, mwana wa malemuwa, amene anaphunzira zachilengedwe ku yunivesite, yemwenso anaphunzira kukwera njinga m'njira zomwezo atakhala kutsogolo kwa mayi ake.

Pamsonkhano woyamba wa khonsolo, mayi anakhala mbali ino ya holo, mwana mbali inayo. Malemuwa ataimirira anati: "Pamene malo aja anali dzala, nonsenu munali kuti? Magalimoto akufa tinawakoka ndife ndi manja athuwa. Lero kwayera, ndiye mwawaona achule." Anthu a kalabu anawomba m'manja. Petra anayankha osakweza mawu: "Amayi, zonsezo n'zoona. Koma matopewo akuchokera kumatayala anu, ndipo inunso mukudziwa." Khonsolo inaimika nkhaniyo, monga inachitiranso kambirimbiri m'zaka zotsatira.

Kuchokera tsiku limenelo awiriwa sanadyere limodzi kwa zaka zambiri. Pa Khirisimasi wina ankabwera kwathu masana, wina madzulo. Dale ankanyamula mauthenga uku ndi uku mpaka anatopa. Ife abale tinayesa kuwakhazika pansi, sizinatheke. Banja lapempha kuti zimenezi zinenedwe, pakuti mzinda wonse unkaziona.

Malemuwa sanaphonye msonkhano wa khonsolo umene unali ndi nkhani ya Corrabin. Anauza a kalabu kuti aike zochepetsa phokoso panjinga zawo, ndipo wokana ankamubweza pageti. Analetsa kukwera Lamulungu m'mawa. Ankanena kuti achinyamata akawatsekera paki, njinga sazitaya, azikathamanga m'misewu ya magalimoto, ndipo tizikawatola kumeneko. Ena ankawamva, ena ayi.

Mu 2020 kunagwa mvula yamphamvu sabata yathunthu. Itakata, malemuwa anatsika wapansi kukaona njira ya kukhwawa. Anapeza njirayo itasanduka ngalande yofika m'chiuno, ndipo maiwe a mumtsinje atakwiririka ndi matope ofiira. Anabwerera kukatenga galimoto ndi tcheni, nakoka zipika, n'kutseka njirayo kumtunda ndi kumunsi. Sanafunse munthu.

Pamsonkhano wa kalabu wotsatira, a Wal anaimirira n'kunena kuti: "Noeline, watigulitsa. Lero wawapatsa khwawa, mawa atenga chitunda chonse." Malemuwa anati: "Wal, khala pansi. Khwawa limene ukulirirali unasiya kalekale kutsikako, mawondo anakukana." Anthu ena anaseka, koma povota anawachotsa malemuwa pampando. Ubwenzi wa zaka makumi atatu unaima pamenepo. Zipika zija palibe anazichotsa.

Malemuwa sanamuuze kanthu Petra. Iye anakazipeza yekha zipikazo, nazindikira mamangidwe a tcheni. Anaimba foni kuthokoza, koma ananenanso kuti dothi likutsikabe kuchokera pachitunda, ndipo bungwe lake silisintha pempho lake. Malemuwa anayankha kuti iwonso sasintha. Anapitiriza kupita kukhonsolo ngati membala wamba, kukamenyera njira za pamwamba.

Chaka chatha anayamba kuwonda. Ankati n'kukalamba chabe. Mu Febuluwale madokotala anapeza khansa ya m'matumbo, itafalikira kale. Analandira mankhwala kwa miyezi ingapo, kenako anati basi. Petra anasiya nyumba yake n'kusamukira kwa mayi ake. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Amene tinkapita kukazonda tinkawapeza akukangana za paki, wina atagwira supuni, wina atatseka pakamwa kudikira kuti amalize mfundo yake. A Wal anabwera mwezi watha. Anaima pakhomo la chipinda nthawi yaitali chipewa chili m'manja. Malemuwa anati: "Lowa, nkhalamba iwe, ukunditsekera mphepo." Anakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka. Za zipika sanazitchule.

Khonsolo inalengeza kuti nkhani ya Corrabin iweruzidwa komaliza Lachiwiri lapitali. Petra anauza mayi ake kuti sapitako, wina akalankhule m'malo mwake. Malemuwa, mawu atayamba kale kuchepa, anati: "Upita. Ukapanda kupita ndidzakuzukira. Ukanene zako zonse, usandimvere chisoni. Zanga akanena Wal."

Anatisiya Lamulungu m'mawa, kunyumba kwawo, atalandira sakramenti la odwala. Ana awo onse awiri anali pomwepo. Anali ndi zaka 67.

Lachiwiri Petra anapita kukhonsolo. Analankhula zonse zimene anakonza, kupempha kuti paki itsekedwe kwa njinga zamoto, ndipo sanachotsepo mawu. A Wal analankhulira kalabu. Atafika pakati mawu anawathera, nakhala pansi. Makhansala anavota. Kuyambira mwezi wamawa njira zonse za ku Corrabin zitsekedwa. Panalibe amene anawomba m'manja, mbali ino kapena inayo. Anthu atatuluka, Petra anatsala pampando wake. A Wal anawoloka holo, nakhala pambali pake, ndipo anatuluka limodzi oyang'anira holo atabwera kudzatseka. Awiriwa ndi ena mwa amene anyamula bokosi lero.

Malemuwa asiya ana awiri: Dale ndi mkazi wake Simone, ndiponso Petra. Asiya zidzukulu zitatu: Kieran, Tahlia ndi Joss. Asiya mchemwali wawo, Mayi Doris Camilleri a ku Adelaide, amene alephera kufika chifukwa cha kudwala, ndi ine mlongo wawo. Mng'ono wanga Raymond anatsogola kale. Asiyanso alamu awo a ku banja la a Tulloch, akhristu anzawo a parishi ya Paulo Woyera, ndi anzawo a kalabu.

Mbiri ya mlongo wathu yathera pamenepa. Ambuye awalandire, ndipo apumule mu mtendere.