Diresi la Mayi Anga ku Doha

Aulutsi, ndikulemba kuchokera ku Madinat Khalifa, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba.

Malemu mayi anga ankaimba m'bandi ku Limbe m'ma 1960. Anandisiyira diresi lobiriwira la mikanda yonyezimira, lomwe ankavala pa siteji. Ndinabwera nalo kuti ndizilinunkhiza ndikawasowa.

Madamu, abwana anga, ataliona anati, "Mwana wanga akupita ku pate ya zovala zamakedzana, umubwereke." Ndikanakana bwanji, pasipoti yanga ili m'kabati mwawo?

Silinamukwane mtsikanayo. Iye analidula ndi sizasi, mikanda yonse n'kuthothola. Kenako madamu anandiponyera zidutswazo.

"Khalas, basi, usalire. Pukutira mawindo."

Ndinapukuta, abale anga, mpaka anawala ngati mayi pa siteji.

Inu obwera kuno, zamumtima muzisiye kumudzi. Kuno ngakhale akufa amawagwiritsa ntchito.