Mafuta a Buleki pa Phazi la Mkazi Wanga

Ndinagwira phazi la mkazi wanga n'kuthira mafuta a buleki pabala. Anakuwa.

"Bambo a Esinati, zikuwotcha!"

"Ndiye kuti akugwira ntchito," ndinatero.

Abale, ine si wolankhula. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndimamata matayala pamalire a Mwanza. Ndinena mwachidule.

Kale chitsulo chochotsera tayala chinanding'amba mwendo. Dalaivala wina wa ku Tete anandithira mafuta a buleki. Bala linauma. Kuyambira pamenepo ndinadziyesa dokotala. Aliyense wobwera ndi bala ndinkamukwezera buluku, kumuonetsa chipsera. "Ine ndinachira nawo." Kumowa ndinkanena mokweza, anthu n'kumavomera.

Mkazi wanga analasidwa ndi chitsa kumunda. Kabala kakang'ono, koma sikankapola. Nthawi imeneyo ankamwa madzi kwambiri, akuwonda. Sindinafunse chifukwa. Anapempha kuti tipite kuchipatala. Ndinati sindingakhale pamzere tsiku lonse chifukwa cha chitsa. Ndinkangothira, m'mawa ndi madzulo. Phazi linada. Linayamba kununkha.

Mchimwene wake anabwera kuchokera kwa Nthache. Fungo analimva ali panja. Sanandipatse moni. Anamukweza panjinga.

Kuchipatala anapeza matenda a shuga. Anati bala la munthu wa shuga silipola ngati la munthu wina. Anati akanafika msanga, mwina mwendo ukanapulumuka. Anaudula m'munsi mwa bondo.

Atatuluka, abale ake anamutengera kwawo. Ana anatsatira mayi wawo. Alamu anangoti, "Adokotala, tsalani ndi botolo lanu."

Ndinatsala ndekha. Nyumba inandikulira. Patapata zake zonse ziwiri zinali pakhomo. Sindinazichotse. Ndinkamwa kachasu kuti ndisazione. Kuntchito anasiya kundifunsa za mabala. Anasiyanso kundifunsa za kunyumba.

Lamlungu lina mvula inandipeza pafupi ndi tchalitchi chino. Ndinathawira pakhonde. Sindinabwere kudzafuna Mulungu, ndinkafuna denga. Mkati bambo wina wachikulire ankachitira umboni momwe anachirira chifuwa chachikulu. Pomaliza anati, "Izi zinachitikira ine. Inu mukamatsokomola, kayezetseni. Thupi lanu si langa."

Mawu amenewo anandigwetsa. Ine ndinkadziwa mwendo umodzi wokha, wanga. Ndi umenewo ndinayezera phazi la mkazi wanga.

Ndinalowa wonyowa, ndikununkha mowa. Ndinagwada kumbuyo. Pemphero sindinkalidziwa. Ndinangoti, "Yesu, ndaononga." Bambo aja anabwera n'kundigwira phewa. Sanandiuze zochita. Anakhala nane mpaka anthu atatha.

Yesu anandikhululukira. Mowa ndinasiya. Mwendo sunabwerere, ndipo sindikunamizani kuti nyumba inadzaza. Ndimadya ndekha. Koma sindikhalanso ndekha ngati kale.

Madalaivala ena amabwerabe ndi mabala. Ndimawauza kuti chipsera ndi changa, bala ndi lawo, apite kuchipatala akawaone. Ena amaseka. Amene wavomera ndimamuperekeza. Zimene zinakuchitikira uzinene, zimalimbitsa mnzako mtima. Koma si mankhwala.

Mulungu alemekezeke, amene sanandithamangitse pakhonde lija. Ngati muli pano mutasenza chimene munaononga ndi manja anu, bwerani. Kumbuyo kuja malo ogwada alipo.

Chomaliza. Mwezi watha mwana wathu Esinati anandiuza kuti ndodo zoyendera za mayi ake zikuterereka pamatope. Ndinadula timalabala pa tayala lakale. Ndinapalasa njinga mpaka kwa Nthache.

Mkazi wanga ndinamupeza pakhonde akusenda mtedza. Anandiyang'ana m'manja.

"Mwabwera ndi mankhwala ena?"

Ndinapukusa mutu. Ndinatenga ndodo zija n'kukhomera malabala kunsi. Anadzuka. Anayenda mpaka pankhokwe n'kubwerera. Sizinaterereke.

"Izi ndiye mumazidziwa, bambo a Esinati," anatero.

Zobwerera kunyumba sananene. Anakhala pansi, n'kupitiriza mtedza wake.

Pamalire ndinali nditamva kuti madzi a therere amatsitsa shuga. Wondiuzayo analumbira kuti iye anachira nawo. Mawuwo anafika pakhosi. Ndinayang'ana pamene chitenje cha mkazi wanga chimagwa chopanda kanthu m'munsi mwa bondo.

Ndinaika hamala m'thumba. Ndinadzutsa njinga, n'kuyamba kuikankha kutsika chitunda.